Kwikisitepi ya a Makwinja

Lachiwiri lapitali chakwana chaka chimwalirireni a Makwinja. Anti Joyisi, mwana wawo, anandiimbira foni ali pa buleki kuchipatala, kundifunsa ngati ndingatenge nsapato zawo zakuda zija. Anati alibe pozisunga, koma kuzipereka ku shopu ya kaunjika mtima ukukana. Ndinawayankha kuti ndiganize kaye. Zoona zake n'zoti ndinkaopa kuziona nsapatozo. Pali chinthu chimene ndinawabisira a Makwinja kwa masabata atatu athunthu, ndipo ngakhale iwo anandikhululukira ali moyo, ine sichinandichokebe mpaka lero. Ndiye ndati ndilembe, mwina chingandichoke.

Sanali agogo anga enieni. Tinkangokhala m'nyumba imodzi yosanja ku Salford kuno ku Mangalande, ife pamwamba pachinayi, iwo pansi penipeni pamodzi ndi anti Joyisi, amene ndi nesi. A Makwinja anabwera kuno pamene akazi awo, a Esitere, anamwalira ku Chilomoni, poti anti Joyisi sanafune kuti nkhalamba itsale yokha m'nyumba. Ankati abwera kudzalawa chisanu cha azungu kamodzi kokha n'kubwerera. Analawa kanayi.

Anali munthu wamtali, woonda ngati nsungwi, ndipo sindinawaonepo opanda tayi. Kukataya zinyalala ku bini, tayi. Kukagula mkaka pa shopu yapangodya, tayi. Ngakhale atavala jekete lakutha la anti Joyisi lija lachisanu, ukayang'ana pakhosi unkapeza mfundo yake ili nganganga. Akamayenda, kuchokera m'chiuno kupita kumutu ankakhala phee, ngati mayi wosenza ndowa yodzadza, koma miyendo ikuchita zakezake pansipa. Tiyi ankabweretsa pa thileyi ndi dzanja limodzi, maso ali kutsogolo. Ankakonda kunena kuti amene amayang'ana kapu ndi amene amataya tiyi. Nsapato zakudazo sankapondera panja. Zinkakhala m'kachikwama kamene anasoka ndi chitenje cha a Esitere, ndipo Loweruka lililonse ankazitulutsa, kuzipaka polishi, n'kuzibwezera, ngakhale panalibe kopita nazo.

Ine masiku amenewo ndinali nditangobereka Tadala, ndipo mantha anali atandimanga manja ndi miyendo. Ndinkaika chala pamphuno ya mwana kaya kangati pa ola, kuti ndimve ngati akupuma. Basi sindinkakwera, kuopa kuti pulamu yoyendetsera mwana ikodwa pakhomo anthu n'kumandiyang'ana. Setifiketi yanga ya ku koleji inali m'sutikesi pansi pa bedi, bambo a Tadala ali kalikiliki, uku sukulu uku ntchito. Tsiku lina lifiti itafa, a Makwinja anandipeza pamasitepe, mwana akulira, inenso ndikulira. Sanandifunse chimene chavuta. Anangonena kuti mwanayo ndikumugwedeza ngati ndikupeta mphale, n'chifukwa chake sakutonthola. Anamulandira, kumugoneka pachifuwa, n'kuyamba kuyendayenda naye pakabwalo ka simenti kopumulira pamasitepepo, akuwerenga chapansipansi kuti dekha, changu-changu, dekha. Atazungulira kachitatu Tadala anali atagona, malovu ali pa tayi.

Ndinawafunsa kuti ameneyu ndi gule wanji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa dzina la dziko lathu.

"Kwikisitepi, make Tadala. Mfumu ya magule a m'holo."

Kuyambira pamenepo masana ambiri ndinkatsikira kwawo, ndipo mbiri ya guleyu ndinaimva kambirimbiri mpaka ndinailoweza. Ankati nkhondo yaikulu yoyamba itatha, anthu akuda a ku Amereka anali ndi gule wawo wotchedwa Chalesitoni, woponya miyendo uku ndi uku, mawondo akugundana. Azungu nawo anali ndi wawo, fokisitoroti, woyenda mwaulemu ndi masitepe ataliatali. Ndiye oimba anayamba kufulumizitsa nyimbo, mabwana aja n'kulephera kutambasula miyendo pa liwiro lotero. Anayamba kudula masitepe n'kumabwereka kwa akuda aja. Kenako aphunzitsi a magule a kuno ku Mangalande anamutenga guleyo, kumudulira zoponyaponyazo, kumuwongola msana, n'kumuveka suti. Choncho a Makwinja ankati kwikisitepi ndi mwana wa mayi wakuda amene analeredwa ndi azakhali achizungu: miyendo anatengera kwa amake, msana kwa azakhali. Pambuyo pake ndinakafufuza pa kompyuta ya ku laibulale, n'kupeza kuti nkhalamba sinaphonye kwenikweni.

Tanthauzo lake ndiye ankalinena mosaseka. Ankati guleyu amaphunzitsa munthu kukhala pa liwiro popanda kuonetsa phuma. Ankatinso guleyu ndi ntchito ya uweyitala n'chinthu chimodzi: chakudya chachedwa, bwana akukuwa, miyendo ithamange koma thileyi isadziwe. Akamanena zimenezi ankandiyang'ana ine, koma ine ndinkayerekeza kuti ndikukonza thewera.

Mdani wawo wapamtima anali a Tembo, mkulu wina wa ku Zambia amene tinkapemphera naye ku Manchester, kumene a Malawi ndi aneba athu timakumana Lamulungu masana. A Tembo anali aafupi, a mimba, ndipo paunyamata wawo ankavina m'maholo a ku migodi ku Ndola. Mapemphero akangotha, anthu akuthira sikwashi m'makapu, awiriwa ankayamba. A Tembo ankati kwikisitepi inachokera pa kuguba kwa asilikali, monga malipenga, ndipo nkhani ya Chalesitoni ndi nthano za ku bala. A Makwinja ankati asilikali sakumbatira akazi poguba. Imeneyo inkatha ndi kuseka. Koma panali ina imene sinkatha bwino. A Tembo ankati a Makwinja amavina chobwerera, dzanja lolakwika, phazi lolakwika, ngati galimoto ya ku Kongo yosochera mu msewu wa ku Ndola. Apa a Makwinja ankaimirira n'kukonza tayi. Ankati anthu a ku migodi anaphunzira kwa mnzawo amene anaphunzira kwa mnzake amene anaonera pa zenera, madzi a m'ngalande, pamene iwo anamwa pakasupe penipeni, kwa eniake gule. Ankamaliza ndi kunena kuti fumbi la kopa likalowa m'mutu silituluka. Ife tinkangoseka, n'kumati ndi macheza a akuluakulu.

Kasupe amene ankanenayo anali kalabu ina ya azungu, nthawi ya Chitaganya, kumene anagwira ntchito ya mu bala ali mnyamata wa ndevu zongomera. Dzina la kalabuyo sankalitchula. Loweruka kunkakhala dansi, ndipo kapitawo anali ndi lamulo lake: amene ali mu bala asayerekeze kuyang'ana madona akamavina. Oda ikatha, fulatira, yang'ana mabotolo, pukuta matambula. Koma kuseri kwa mabotoloko kunali galasi lalikulu, kuchokera khoma ili kukafika khoma ilo. Ndiye a Makwinja ankafulatira monga mwa lamulo, tambula m'manja, holo yonse ili m'maso mwawo. Zaka zinayi akuba gule m'galasi. Nkhani imeneyi ankaikamba monyadira, ankati anawabera azungu chinthu chimene sichingapezeke m'thumba ngakhale atakusecha.

Lamulungu ankapita kuseri kwa makomboni ndi a Esitere, amene nthawiyo ankalera ana a bwana wina, n'kumayeserera pa dothi losesa, opanda nsapato. Kenako anayamba kuphunzitsa anzawo, makhuki, madobi ochapa zovala, ndi anyamata a m'maluwa, wina atabwereka galamafoni. Zinayenda choncho mpaka pamene rumba ndi simanjemanje zinabwera n'kukokolola zonse. Anatsala awiri basi, iwo ndi a Esitere, pa khonde la ku Chilomoni, Khirisimasi iliyonse, ana akuseka. Koma pa bwalo lenileni la matabwa, loterera, lija limakubwezera phazi ukaliponda, anali asanavinepo. Anati anapondapo kangapo, koma atanyamula thileyi.

Ndine ndinawabweretsera nkhani ya holo ija. Nesi woyendera ana anali atandikakamiza kuti Lachiwiri ndizipita ndi Tadala ku gulu la amayi, mu holo ina cha ku Eccles. Pa bolodi lapakhomo panali chipepala chonena kuti Lachinayi loyamba la mwezi, masana, pamakhala dansi ya achikulire, ndi tiyi womwe. Ndinangowauza ngati nkhani yoseketsa. Iwo sanaseke. Anandifunsa ngati pansi pake ndi pa matabwa. Nditati eya, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi kachikwama ka chitenje kaja.

Anti Joyisi anakaniratu kukhala mnzawo wovina naye, anati miyendo yawo imathera m'mawodi. Ndiye goli linagwera ine. Miyezi itatu tinkakankha sofa, kumukhazika Tadala pa kampando kake, n'kuyamba. Dzanja lawo lamanja linkagwira langa lamanzere, chotambasula, n'kumazungulira tebulo motsata mivi ya wotchi. Ndikayang'ana pansi ankandinyamula chibwano ndi chala. Ndikayang'ana kwa mwana ankati mwana ali ndi mphuno yake, imugwirira ntchito. Ndinene zoona, miyezi imeneyo ndi imene ndinasiya kuika chala pamphuno ya Tadala, chifukwa mutu unali wotanganidwa ndi kuwerenga masitepe. Ndinakweranso tiramu, kasitima koyenda mumsewu, koyamba ndekha, kukafuna nsapato zokhala ndi kachidendene.

Kutatsala masabata atatu, ndinaonera pa TV mpikisano wa magule umene a Makwinja ankakana kuuona, poti ankati akazi ake amavala zingwe m'malo mwa madiresi. Analengeza kwikisitepi, ine n'kukhala tsonga kuti ndione gule wathu. Masitepe anali omwewo. Koma mwamuna anatambasula dzanja lamanzere, ndipo ankazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Ndinati mwina ndi awa okha. M'mawa mwake ndinapita ku laibulale, n'kuonera ena, ndi enanso. Onse chimodzimodzi. Nditafika kunyumba ndinaima pa galasi la ku bafa n'kukweza dzanja lamanja. Mayi wa m'galasimo anakweza lamanzere. Ndinakhala pansi pamphepete pa bafa. A Tembo ankanena zoona zaka zonsezi. A Makwinja anaba gule wathunthu, wosasowa kanthu, koma wotembenuka.

Ndinawadikirira anti Joyisi poimika magalimoto n'kuwauza. Anaponya makiyi m'chikwama. Kenako anati iwo anazindikira kalekale, chaka chawo choyamba kuno.

"Ndiye ukawauze ndiwe? Ine sindingathe. Zaka makumi asanu akuvina ndi amayi, lero ndikawauze kuti ankalakwitsa?"

Ine ndinaleredwa ngati wina aliyense. Mwana sauza munthu wamkulu kuti zipi yatseguka. Umakapeza mkulu mnzake, n'kumunong'oneza, iyeyo ndiye akanene. Koma mkulu mnzawo anali mmodzi yekha, a Tembo, amene anali atanena kale zaka zitatu osamveka. Ndiye ndinayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Ndinawapempha kuti tiyese mbali inayo mongocheza, iwo n'kuti matenda a a Tembo andilowa. Ndinanama kuti Tadala ali ndi chifuwa, iwo n'kuti palibe kanthu, mwezi wamawa uliponso. Ndinafika popemphera kuti holoyo itsekedwe, kaya madzi asefukire m'mapaipi. Chimene sindinachite ndi kutsegula pakamwa n'kunena mawu asanu okha.

Lachinayi lija linafika, dzuwa likuwala, mitengo itangoyamba kuphuka. A Makwinja anavala suti yotuwa ndi tayi wofiira. A Tembo nawo anabwera ndi chipewa chawo, ati adzaone ndi maso awo mmene a Malawi amachitira manyazi kunja. Apanso ndiyenera kuulula. Ndinachedwa dala. Ndinasintha thewera losanyowa, ndinaiwala botolo mwadala, tiramu ziwiri zinatidutsa, ndikuganiza kuti mwina tikapeza zatha. Tikanafika msanga, a Makwinja akanakhala pa mpando n'kuona okha kumene anthu akulowera. Koma tinalowa pakhomo bambo woimba kiyibodi akulengeza kumene kuti tsopano kwikisitepi. A Makwinja anasintha nsapato chogwada, mwachangu ngati mnyamata. A Tembo analandira pulamu. Ndisanapume n'komwe, dzanja langa lamanzere linali m'dzanja lawo lamanja.

Masitepe oyamba aja sindidzawaiwala. Matabwa ankatibwezera mapazi monga ankanenera, ndipo a Makwinja anapepuka ngati alibe mafupa. Ndinamva akupuma mokoka mpweya, ngati munthu amene wamwa madzi ozizira. Koma titafika pangodya yoyamba tinakumana ndi mtsinje wonse ukubwera. Tinagundana ndi banja lina, mwamunayo n'kutiuza mwaulemu kuti talowera kolakwika. A Makwinja anapepesa, koma anaganiza kuti olakwa ndi iwowo, n'kupitiriza. Tinazemba awiri, tinazemba ena, kenako tinagunda mayi wina wa tsitsi loyera ndi miyendo yotupa, mpaka anadzandira n'kugwira khoma. Anthu anayamba kuima. Maso onse pa ife.

Ndinawasiya. Ndinachotsa manja anga n'kuwasiya pakati pa bwalo, mikono ili m'mwamba, akukumbatira mphepo. Ndinamutsomphola Tadala kwa a Tembo, mwana wosalira n'komwe, n'kuthawira naye kuchimbudzi. Ndinadzitsekera mmenemo, ndikumva kiyibodi kudzera kukhoma, nyimbo imodzi, yachiwiri, yachitatu.

Nditatuluka sindinawaone msanga. Mipando yonse inali itayang'ana ku bwalo, kupatula iwiri. Khoma limodzi la holoyo lili ndi galasi lalitali, la ana ophunzira magule, ndipo a Makwinja anali atatembenuza mpando n'kukhala chofulatira ovina, maso m'galasimo. Pambali pawo panali a Tembo, chipewa pa mawondo, osaseka, ngati ali pa maliro. Ndinayandikira chonyang'ama.

"Make Tadala, bwerani mudzaone," anatero osacheuka. "Onsewa m'galasimu akuvina bwino."

Ndinayang'ana. Zinalidi choncho. M'galasimo amuna onse anatambasula dzanja lamanja, ndipo holo yonse inkazungulira motsata wotchi, monga ife pa tebulo la anti Joyisi.

Anandifunsa ngati ndinkadziwa. Ndinati eya agogo, masabata atatu. Anandifunsa ngati Joyisi ankadziwa. Ndinangowerama. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita bondo.

"Azungu aja ankandifulatitsa ndi lamulo," anatero. "Inu mwandifulatitsa ndi ulemu."

Sanakweze mawu, ndipo sanabwerezenso mawu amenewa mpaka kumwalira kwawo. Koma ine ndikanakonda akanandimenya mbama.

Apa a Tembo analowererapo. Anati palibe chovuta achimwene, sabata imodzi yokha awatembenuza, masitepe ali nawo kale, n'kungosintha dzanja basi. Ndinkayembekeza kuti mkangano uyambiranso. Koma a Makwinja anavomera kuti a Tembo ankanena zoona, ndipo anawauza kuti asunge mawu amenewa bwino chifukwa sadzawamvanso. Za kusintha ndiye anakana. Anati Esitere amadziwa dzanja lamanja. Akakafika kumene kuliko atatambasula lamanzere, mayiyo adzawapitirira, n'kumati bambo awa si anga.

Kenako nyimbo inaleka, anthu n'kukhamukira ku tebulo la tiyi. Bwalo linatsala mbee. A Makwinja analiyang'ana m'galasi kanthawi, anaimirira, anakonza tayi, n'kupita kwa bambo wa kiyibodi uja, amene anali ndi bisiketi kukamwa. Sindinamve zimene anakambirana. Ndinangoona mzunguyo akukweza mapewa, akupukuta zala pa buluku, n'kukhalanso pa mpando wake. A Makwinja anabwerera, anaima patsogolo panga, n'kutambasula dzanja lamanja.

"Pano palibe womugunda, make Tadala."

Inu, chinthu chimene ndinkachiopa kuposa imfa ndi chimenecho, anthu onse kukhala phee n'kumandiyang'ana ine. Ndipo anali atakhaladi, makapu m'manja, nkhalamba zachizungu mzere wonse. Ndikanatha kuthawanso. A Tembo anali atamulandira kale Tadala, osandifunsa. A Makwinja anandinyamula chibwano ndi chala monga mwa masiku onse, n'kundinong'oneza kuti ndisayang'ane kapu.

Tinazungulira katatu, motsata wotchi, bwalo lonse lili lathu. Ndinaphonya pangodya ina, iwo n'kundinyamula osaonetsa. Paulendo wachitatu anachita kadumphidwe kena kamene anali asanandiphunzitse, mapazi akugogoda mofulumira ngati mvula pa malata, koma mapewa ali phee, nkhope ili duu, maso ali patali kuseri kwa mutu wanga. Sindikhulupirira kuti amene ankavina nawo pamenepo ndinali ine.

Ena anaomba m'manja, ena anapitiriza tiyi wawo. Mayi wa miyendo yotupa uja anabwera kudzawafunsa kuti anaphunzira kuti kuvina chotembenuza chonchi, poti iye zaka zake zonse sanaonepo. Anamuyankha m'Chingerezi chawo cha ku bala, chowongoka ngati tayi, kuti anaphunzira m'galasi. Mayiyo anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala. A Tembo pobweza mwana anati kulakwa kulipo ndithu, koma kulakwa kwake n'kwaukhondo.

Tinapitabe mwezi ndi mwezi mpaka pamene chifuwa chinawagwira. Mu mtsinje wa anthu uja sanalowemonso. Ankakhala pa mpando wawo wotembenuza, n'kumaonera m'galasi, akudzudzula chapansipansi amene akugwetsa chigongono. Nthawi ya tiyi ikakwana, wa kiyibodi ankangowakodola ndi mutu. Palibe amene analemba lamulo limeneli, linangokhazikika lokha. Chimene chinasintha pakati pa ine ndi iwo n'chakuti ndikatsikira kwawo, moni asanathe, ankandifunsa ngati pali china chimene ndikuwabisira mwaulemu. Poyamba ndinkati ayi. Kenako ndinayamba kunena: kuti wailesi yawo imamveka mpaka pamwamba pachinayi, kuti tayi wobiriwira uja ali ndi banga la supu, kuti akutsokomola moipa ndipo apite kwa dokotala. Ziwiri zoyambazo anamvera.

Anamwalira m'chipatala mwezi wa Januwale, anti Joyisi ali pambali pawo atavala yunifolomu. Thupi linapita kumudzi, kukagona pafupi ndi a Esitere. Pa mapemphero otsanzikana ku Manchester, a Tembo anaimirira kuti ayankhule, anati malemuwa anali munthu wamakani kuposa aliyense amene anamuonapo, kenako anakhala pansi chipewa chili kumaso.

Nsapato zija ndinakatenga Lachitatu. Dzulo linali Lachinayi loyamba la mwezi, ndiye ndinamusiya Tadala ku sukulu ya mkaka n'kukwera tiramu ndekha, kachikwama ka chitenje kali pamiyendo. Sindinkadziwa chimene ndikukachita. Ndinafika nthawi ya tiyi. Wa kiyibodi ndi wina tsopano, wachinyamatako, ndipo anali ataphimba makina ake ndi nsalu n'kupita pa mzere wa makapu. Mpando uja ulipo, pafupi ndi paipi yotenthetsa m'nyumba, koma anautembenuza, ukuyang'ana ku bwalo ngati inzake yonse, ndipo wina anaikapo chikwama ndi ambulera. Pansi pake pali timizere tinayi pa thabwa, pamene miyendo yake inkakhula akamautembenuza. Galasi analiphimba theka ndi katani. Mu theka lotsalalo munkaoneka bwalo lokha, lopanda munthu, dzuwa litagona pa matabwa kuchokera pa zenera mpaka pakati, ndi fumbi likuyandama pamwamba pake. Linakhala choncho mpaka anthu anamaliza tiyi.